Za sikani ya mafuta a m'chiwindi ija

Achemwali, mwati adokotala ku Johannesburg aona mafuta m'chiwindi pa ultrasound ndiye mukufunsa ngati mufunefune MRS, sikani yoyeza kuchuluka kwa mafutawo, pa mashini amphamvu aja a 7 Tesla (7T, muyeso wa mphamvu ya maginito ake). 7T muyiiwale kaye, pomwe anayiloleza ku America mu 2017 inali ya mutu ndi bondo basi, za chiwindi pamenepo ndi za ofufuza. 3T ya mchipatala imakwana bwinobwino, olo 1.5T.

MRS ndi mashini omwewo a MRI koma m'malo mojambula amasankha kabokosi mkati mwa chiwindi, masentimita 2 kapena 3 mbali iliyonse, nkuyeza hydrogen yemwe ali momwemo, wa m'madzi amatulukira payekha wa mafuta payekha, akayerekeza ziwirizo ndiye akupatsani peresenti. Mukapyola 5.56 peresenti amati mafuta achuluka, nambala imeneyo inachokera ku kafukufuku wa ku America wotchedwa Dallas Heart Study mu 2005. Palibe jekeseni, palibe radiation, mumangogwira mpweya masekondi pang'ono, phokoso lokha ndiye lotopetsa. Ngati muli ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda) kapena chitsulo m'thupi muwauze musanalowe. 

Koma nkhani yanga ili apa. MRS imayezadi mafuta molondola kuposa ultrasound, yomwe akakhala ochepa imatha kuwaphonya, koma kabokosi kamodzi si chiwindi chonse ndipo mafuta sakhala mofanana paliponse, nchifukwa ambiri pano amachita MRI-PDFF, sikani inanso yoyeza mafuta, yomwe imaona chiwindi chonse. Komanso zonse ziwirizi, MRS ndi MRI-PDFF, sizikuuzani ngati chiwindi chayamba kuuma ndi zipsera, pomwe choopsa chenicheni ndi chimenecho. Munthu atha kukhala ndi mafuta ambiri chiwindi chikadali chofewa.

Ndiye ine ndikanayamba ndi zotchipa. Apempheni adokotala awerengere FIB-4, nambala yoyerekeza ngati chiwindi chili ndi zipsera, imangofuna zaka zanu ndi zotsatira za magazi za AST, ALT ndi ma platelet, ikatuluka yokwera mupite ku FibroScan, sikani yoyeza kuuma kwa chiwindi. Muyezetsenso shuga ndi hepatitis B, imeneyi kwathu kuno ilipo ndithu ndipo ambiri sadziwa kuti ali nayo. Mowa ndi zozizilitsa kukhosi za shuga musiye, mukatsitsa sikelo ndi 7 mpaka 10 peresenti mafutawo amatsika kwambiri. MRS ija mudzalipire pokhapokha adokotala a chiwindi atanena okha kuti nambalayo isintha chithandizo chanu.