Mwanayo musiyeni kwa mayi ake ku Joni

Achemwali, mwandiponda pachilonda. Mwana wa mng'ono wanuyo musamulande chifukwa choti mayi ake akukhala ndi mkazi mnzawo. Ine ndakulira m'nyumba yotero pa Kasungu pompano, amayi ndi amene tinkawatcha anti. Antiwo ndiwo ankandilipirira fizi ndi ndalama za kaunjika, ndiwonso ankadzuka m'bandakucha kundiphikira mbatata ndikamawerenga za JCE. M'nyumbamo munalibe chondiliza.

Chondiliza chinali kusukulu. Mu Meyi 2010 ndili Fomu 2, a khoti atagamula Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza zaka 14 pa mlandu wogonana amuna okhaokha, mphunzitsi wina analowa ndi nyuzipepala, n'kuiponya padesiki panga. Akuti, "Iwe ndiye katswiri, tiuze, kwanu bambo ndi uti?" Kalasi yonse kuseka, ena mpaka kumenya madesiki. Ndinafinya bolopeni mpaka inathyoka, inki mbwee m'manja ndi pasiketi. Mnzanga wa pabenchi anakoka chikwama chake pang'onopang'ono, ngati ndili ndi mphere. Masabata atatu ndinkavala yunifomu m'mawa n'kukabisala kuseri kwa msika, anti akuganiza kuti ndili m'kalasi. A Bingu anawakhululukira awiriwo pasanathe masabata awiri, koma ine dzina linandimatirira mpaka Fomu 4. Mphunzitsi uja lero amalalikira kutchalitchi, ndikakumana naye padepoti m'mimba mumatentha. Nawo amalume, oti sanandigulirepo ngakhale kope limodzi, ndiwo anali patsogolo kukuwa kuti andipititse kumudzi ndikakonzeke. Ndikonzeke chiyani?

Ku South Africa maukwati a akazi okhaokha kapena amuna okhaokha ndi ololedwa kuyambira 2006. Kuno mu Juni 2024 khoti linakana kuchotsa lamulo loletsa maubwenzi otere, ndiye mukamutenga mukumuchotsa pamthunzi kumuika padzuwa. Ngakhale ku America, ofufuza anatsata ana oleredwa ndi akazi okhaokha kuyambira mu 1986, ndipo atafika zaka 17 anawapeza akuchita bwino kusukulu komanso pakati pa anzawo.

Mumuuze asamachite manyazi ndi kwawo, palibe chimene walakwa, ayende mutu uli m'mwamba. Koma akabwera holide ya Disembala, aliyense akafunsa azingoti ndi anti basi, ngakhale kwa azisuweni ake. Zithunzi za pa Facebook zoonetsa mayi ake ndi antiwo achotse asanakwere basi.