Mpiru umawawa, nanga mbozi zimaudya bwanji?

Funso: Akonzi, ine ndili ndi kadimba kuseri kwa nyumba, mpiru wanga umawawa ndithu koma mbozi zaubowola masamba onse, kodi izozo sizimva kuwawako? Mayi wa ku Chawama, Lusaka

Yankho: Mayi, kuwawa kuja ndiye chida cha mpiruwo. Mpiru, repu ndi kabichi zimasunga mankhwala otchedwa glucosinolates, tsamba likangolumidwa amasakanikirana ndi mankhwala ena a m'tsamba momwemo otchedwa myrosinase n'kukhala poizoni yemwe tizirombo tambiri timathawa. Koma kambozi kobiriwira ka diamondback moth kanapeza njira, m'mimba mwake mumatuluka madzi omwe amasintha mankhwala aja asanasanduke poizoni ndiye kamangodya bwinobwino, chomvetsa chisoni n'choti kagulugufe kake kamatsata fungo la mankhwala omwewo pofuna poikira mazira.

Chimanga nachonso sichimangokhala, chikamadyedwa chimatulutsa fungo loitana timavu toikira mazira m'thupi mwa mbozi. Komabe ntchemberezandonda zija zinalowa muno mu Zambia mu 2016 zimatha kufooketsa poizoni yemwe chimanga chimapanganso podziteteza.

Ndiye inu muzitembenuza masamba m'mawa, mbozi muzizitola ndi manja, musamapope mankhwala amodzimodzi nthawi zonse chifukwa kambozi aka kamazolowera msanga, komanso mankhwalawo amaphanso timavu tija tokuthandizani.