Kwa achemwali amene mumakanirira pa Levitiko chaka ndi chaka

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati Januwale aliyense mumayamba Baibulo kuchokera ku Genesis, koma mukafika pa Levitiko mphamvu zimakutherani. Mwatinso mukagwada kuti mupemphere, maganizo amathawira ku ngongole ndi kwa ana, kapena tulo timangokubani. Ndiye mwafunsa ngati nyimbo zimene mumaimba mukugwira ntchito Mulungu amazilandira ngati pemphero, kapena mukungodzinamiza. Anzathu ambiri m'gulu lathu lino akuyankhani kale kuti "limbikirani", ena akuti "ndi satana ameneyo". Ine nditalikitsako pang'ono, mundipirire, chifukwa pa Levitiko pomwepo ndinagwapo zaka zinayi zotsatizana.

Tiyeni tiyambe tawerengetsera. Baibulo la mabuku 66 lili ndi machaputala 1,189, choncho wofuna kulimaliza m'chaka chimodzi amayenera kuwerenga machaputala atatu kapena anayi tsiku lililonse. Genesis ali ndi 50, Eksodo 40. Mukamayenda atatu patsiku, masiku 30 akamakwana ndiye kuti mwaima pakhomo pa Levitiko. N'chifukwa chake ambirife timagwa mu Febuluwale. Komanso timafikapo titatopa kale, popeza kuyambira Eksodo 25 nkhani zokoma za Mose ndi Farao zimakhala zatha, kwatsala miyeso ya chihema, nsalu, ngowe ndi mizati. Kenako machaputala asanu ndi awiri a nsembe, kenako malamulo a nthenda zapakhungu ndi nguwi za m'makoma a nyumba. Munthu amene wagona mochedwa, wadzuka ndi mwana wolira, n'kutsegula pamenepo 5 koloko m'mawa, akawodzera musamuseke.

Palibe vesi limene limatilamula kumaliza Baibulo pachaka. Ngakhale machaputala amene timawawerengawa anabwera mochedwa. Anawagawa ndi Stephen Langton, amene anadzakhala bishopu wamkulu wa Canterbury, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200. Manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika ndi Robert Estienne, wosindikiza mabuku, mu 1551. Izi zisanachitike, komanso makina osindikizira asanabwere cha m'ma 1450, Mkhristu wamba analibe Baibulo lakelake m'nyumba. Mawu ankawamva akuwerengedwa, n'kuwaloweza, n'kuwaimba. Sindikunyoza ndondomeko zowerengera pachaka ayi. Ya Robert Murray M'Cheyne, m'busa wa ku Dundee, ya mu 1842, yathandiza anthu osawerengeka, ndipo ubwino wake ndi wakuti imakuyendetsani m'malo anayi a Baibulo tsiku limodzi, kotero Levitiko sakupezani nokha. Koma kwa inu panopa ndikuona kuti ingakhale katundu wina pamwamba pa katundu.

Ndikanakhala inu ndikanatseka Genesis, n'kutsegula Maliko. Ndi waufupi, machaputala 16 okha, ndipo nkhani zake zimathamanga. Musawerenge chaputala chathunthu. Tengani nkhani imodzi, mwina mavesi asanu ndi awiri kapena khumi, muiwerenge motulutsa mawu. Izi zotulutsa mawu ndikuzinenetsa. Pa Machitidwe 8, Filipo anadziwa kuti mdindo wa ku Itiyopiya uja akuwerenga Yesaya chifukwa anamumva, munthu ali m'galeta lake akuwerenga mokweza. Ndi mmene anthu akale ankawerengera kawirikawiri. Liwu la Chiheberi la pa Salimo 1:2 limene ife timati "kusinkhasinkha" limanena za kuyankhula chamumtima koma milomo ikugwedera, ngati munthu amene akubwereza mawu kuti asamuthawe. Maso okha amatha kutsetsereka tsamba lonse mutu uli kwina, koma pakamwa pakamagwira ntchito, mutu umavutika kuthawa. Ine ndimati kuwerenga kotere n'kubzikula, monga ichitira ng'ombe. Liwu limeneli ndinalitola mu Levitiko yemweyo, chaputala 11. Tsiku lina mudzabwererako, ndipo mukadzatero mudzawerenge Levitiko 16 pamodzi ndi Ahebri 9, mudzaona bukulo likutseguka.

Tsopano za pemphero, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Ambirife timayamba ndi kugwada, n'kutsinzina, n'kumayembekeza kuti mawu atuluka okha mumtima. Mtima wa munthu wongodzuka kumene muli chiyani? Muli zadzulo ndi zamawa. Ndiye timadabwa kuti maganizo akuyendayenda. George Müller wa ku Bristol, amene m'moyo wake analera ana amasiye pafupifupi 10,000 ndipo amadziwika ngati munthu wa pemphero, anavomereza yekha kuti kwa zaka zambiri akagwada m'mawa ankatha mphindi 10, 15, nthawi zina theka la ola, maganizo akungoyendayenda asanayambe kupemphera kwenikweni. Cha mu 1841 anatembenuza zinthu. Anayamba kumatsegula Chipangano Chatsopano kaye, kusinkhasinkha vesi ndi vesi, ndipo anapeza kuti posakhalitsa mavesi omwewo ankasanduka kulapa, kuthokoza kapena kupempherera ena. Ngati zinkamuchitikira munthu ameneyo, inu ndi ine tisadziimbe mlandu wopitirira muyeso.

Martin Luther naye mu 1535 analembera kalata yaitali munthu amene ankamumeta tsitsi, dzina lake Peter, atamufunsa kapempheredwe. Anamuuza kuti atenge chidutswa chimodzi, kaya lamulo limodzi mwa Malamulo Khumi, kaya gawo limodzi la Chikhulupiriro cha Atumwi, n'kuchipota ngati chingwe cha nkhosi zinayi: chikundiphunzitsa chiyani, ndithokoze chiyani, ndilape chiyani, ndipemphe chiyani.

Ndikuonetseni mmene zimakhalira kwa ine. Sabata yatha ndinali pa Maliko 4:35-41, namondwe panyanja. Ndinawerenga kawiri mokweza, kachiwiriko ndinaima pa kanthu kakang'ono kamene ndinali ndisanakalabadirepo: Yesu anagona kumbuyo kwa ngalawa, mutu uli pa mtsamiro. Munthu wotsamira ndiye kuti anachita kukonzekera kugona, sanangogwidwa ndi tulo mwangozi. Ndinathokoza kuti Ambuye anga amadziwa kutopa kwa thupi. Kenako ndinafika pamene ophunzira akumudzutsa n'kumufunsa ngati sizikumukhudza kuti iwo akufa. Pamenepo ndinasiya kuwerenga, chifukwa funso limenelo ndi lomwe ndakhala nalo mumtima miyezi itatu pa nkhani ya mwana wanga wamkulu amene ntchito inamuthera, koma ndinkaopa kulinena. Ndinalinena. Ndinalapa kuti ndakhala ndikumuyesa Mulungu wosasamala. Ndinapempherera mwanayo pomutchula dzina, ndi anthu ena awiri amene ngalawa zawo zikulowa madzi. Nditayang'ana wotchi, panali patadutsa mphindi 12 zokha, koma linali pemphero lenileni, ndipo mawu ake sindinachite kuwafunafuna.

Maganizo adzathawabe, musaganize kuti zidzatheratu. Ine ndimaika kapepala ndi cholembera pambali. Chikandibwerera chinthu chofunika kuchita, ndimachilemba n'kubwerera pa vesi. Chikabwerera kachitatu, ndimadziwa kuti chimenecho ndiye chofunika kuchipempherera lero. Mukuti maganizo amathawira ku ngongole ndi ana. Nanga Mulungu mukufuna mumuuze za chiyani ngati si ngongoleyo ndi anawo? Foni yokha ikhale chipinda china. Ndinayesapo kuwerenga Baibulo la pafoni, koma ndinkangozindikira ndili pa WhatsApp osadziwa kuti ndafikapo bwanji.

Za tulo sindichulutsa. Ngati kugwada mutatsamira bedi kumakugonetsani, imirirani kapena yendani. Yesu pa Maliko 11:25 akunena za kupemphera choimirira, Davide pa 2 Samueli 7:18 anakhala pansi pamaso pa Yehova. Eliya atatopa mpaka kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, mngelo sanamudzudzule, anamupatsa chakudya ndi madzi n'kumusiya agonenso. Ena m'gulu muno alemba kuti pemphero lamphamvu ndi la 3 koloko usiku basi. Ndikuwalemekeza, koma sindikugwirizana nawo. Yesu anapempherapo m'bandakucha, anapempheranso madzulo. Petro anakwera padenga kukapemphera masana dzuwa lili paliwombo. Danieli ankapemphera katatu patsiku. Kabuku kena ka Akhristu oyambirira kotchedwa Didache kamangoti pemphero la Atate Wathu linenedwe katatu patsiku. Mayi amene wayamwitsa usiku wonse asamuwonjezere goli limene Malemba sanamuike. Sankhani nthawi imene mutu wanu umakhala wamoyo, ngakhale ikhale yopuma masana.

Nyimbo zija tsopano. Inde achemwali, ndi pemphero. Buku la Masalimo lili ndi nyimbo 150, ndipo ambiri mwa masalimowo akuyankhula kwa Mulungu mwachindunji. Yesu ndi ophunzira ake anaimba nyimbo atatha mgonero, asanapite ku phiri la Azitona, usiku womwe anaperekedwa. Paulo ndi Sila m'ndende ya ku Filipi, misana ili mabala okhaokha, mapazi ali m'matangadza, pakati pa usiku ankapemphera ndi kuimba, akaidi anzawo akumvetsera. Cha m'chaka cha 112, bwanamkubwa wachiroma Pliny, amene sanali wokhulupirira, analembera mfumu Trajan kuti Akhristu amasonkhana kusanache pa tsiku loikika n'kumaimbira Khristu nyimbo ngati kwa mulungu. Chimene munthu wakunja anachiona msanga mwa ife chinali kuimba. Ndipo pa Akolose 3:16 Paulo akumangirira pamodzi zinthu ziwiri, mawu a Khristu kukhala mwa ife mochuluka ndi kuimba masalimo ndi nyimbo. Nyimbo yabwino ndi Malemba amene apeza njira yolowera n'kukhazikika.

Izi ndinaziona ndi maso. Mayi anga m'zaka zawo zomaliza anadwala matenda oiwala. Dzina langa linawathawa, ankanditcha dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Baibulo lawo, lodzaza ndi mizere ya pensulo, ankangoligwira chozondotsa. Koma madzulo ndikawasambitsa n'kuyamba mzere woyamba wa nyimbo ina imene ankaikonda ali mtsikana, iwo ankailanda n'kuipitiriza ndime zonse zisanu osaphonya liwu, chala chikugunda pa bondo. Ine ndime yachinayi ndinkachita kuyang'ana m'buku. Akamaliza ankati "Amen" momveka bwino, kenako n'kundifunsa kuti ndine yani. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuona nyimbo ngati chinthu chongotenthetsera mpingo ulaliki usanayambe.

Chenjezo lilipo komabe. Augustine, bishopu wa ku Hippo, anavomereza kuti nthawi zina kukoma kwa maimbidwe kunkamugwira mtima kuposa mawu oimbidwawo, ndipo zikatero ankadziona kuti walakwa. Paulo pa 1 Akorinto 14:15 akuti adzaimba ndi mzimu, adzaimbanso ndi nzeru. Ndiye mukamaliza nyimbo, nthawi zina dzifunseni kuti ndamuuza chiyani Mulungu. Ngati simungathe kuyankha, mwasangalatsa khutu chabe, zomwe si tchimo, koma musazitche pemphero. Kumvera nyimbo pa wailesi kapena pafoni n'kosiyananso ndi kuimba ndi pakamwa panu. Yesani kutenga buku la nyimbo, muwerenge nyimbo imodzi ngati ndakatulo, osaimba, mufufuze vesi limene yachokera. Nyimbo zambiri zakale mukazifukula mupeza Malemba pansi pa mzere uliwonse. Zina za masiku ano zimabwereza mzere umodzi kakhumi, ndipo sindikuzikana, Salimo 136 nalo limabwereza mzere umodzi ka 26. Koma muzisunganso nyimbo zingapo za ndime zambiri, zimene zimanena za mtanda, za tchimo, za imfa ndi kuuka, chifukwa tsiku la maliro kapena usiku wa kuchipatala ndi zimene zidzakugwireni dzanja.

Mwanenanso mawu amodzi amene anandikhudza, akuti mtima wanu wauma gwa ndipo simumva kalikonse. Masiku otero tsegulani Salimo 13, limene limafunsa "mpaka liti" kanayi m'mavesi awiri oyamba. Kapena Salimo 88, limene limayamba ndi kulira n'kutha ndi mdima, popanda ndime yotonthoza kumapeto. Mulungu analola kuti pemphero lotere likhale m'buku lake kuti tsiku limene mulibe mawu anu mubwereke amenewo. William Cowper, amene pamodzi ndi John Newton anatulutsa buku la nyimbo za ku Olney mu 1779, anavutika ndi matenda a maganizo kwa zaka zambiri, koma nyimbo zake mipingo ikuimbabe. Kungoti ngati kuuma kumeneku kukubwera pamodzi ndi kusowa tulo, kusafuna kudya ndi kulira kosadziwika chifukwa kwa masabata angapo, kaonaneni ndi dokotala, ndipo muuzeko munthu mmodzi wokhwima wa mumpingo mwanu. Kupemphera ndi kulandira chithandizo sizilimbana.

Mukadumpha masiku atatu kapena sabata, musayese kubweza ngongole powerenga machaputala khumi nthawi imodzi. Ndi zimene zinkandigwetsa ine. Tsegulani pomwe munasiyira kapepala, mupitirize ngati munali pomwepo dzulo. Mukapeza mnzanu mmodzi woti muzitumizirana vesi limene lakugwirani tsiku limenelo, mzere umodzi wokha, zimathandiza kwambiri, poti mutu umodzi susenza denga. Ngati mulibe, ine ndilipo. Mawa ndikuyamba Maliko 5, nkhani ya munthu wa kumanda uja. Inu yambani pa 1:1 mpaka vesi 13, mokweza, ndipo mudzandiuze pamene munaima.