Setilaiti singakuuzeni matabwa yokha, mukayeze kaye m'nkhalango

Achimwene, mwafunsa ngati zithunzi za setilaiti pazokha zingakuuzeni kulemera kwa mitengo ndi kuchuluka kwa matabwa m'nkhalango popanda kulowamo ndi tepi. Ayi, sizitheka, ndipo musataye ndalama kwa munthu wokulonjezani zimenezo. Setilaiti imaona masamba apamwamba, pomwe matabwa ali m'thunthu, pansi pa masambawo.

Ntchito imayambira pansi. Mumasankha timalo toyezapo, maploti, tomwazikana m'nkhalango yonse, osati pafupi ndi msewu pokha pomwe kuyenda n'kosavuta. Ploti yozungulira ya mamita 17.84 kuchoka pakati kufika m'mphepete imakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a hekitala. M'menemo mtengo uliwonse muuyeze kunenepa kwake pa mamita 1.3 kuchoka pansi, cha pachifuwa. Pamtsetse muziima kumtunda kwa mtengo. Ukakhala kuti wachita mphanda m'munsi mwa msinkhuwo, muuwerenge ngati mitengo iwiri. Tepi ikamazungulira thunthu isapendekeke kapena kukwera pa mfundo, ndipo nambala yomwe mwapeza muigawe ndi 3.14 kuti mudziwe dayamita, kutanthauza kukula kwa thunthu kuchoka mbali ina kufika mbali ina kudutsa pakati. Lembaninso mtundu wa mtengowo ndi kutalika kwake.

Ndikulimbikira za tepi chifukwa kulemera kwa mtengo sikukwera mofanana ndi dayamita. Dayamita ikawirikiza kawiri, kulemera kumawirikiza pafupifupi kanayi ngakhale kutalika kusasinthe. Mukalakwitsa pa mtengo umodzi waukulu, mwaononga zotsatira za ploti yonse.

Kuti manambalawa asanduke makilogalamu, ambiri amagwiritsa ntchito masamu omwe Jérôme Chave ndi anzake anatulutsa mu 2014, atasonkhanitsa miyeso ya mitengo yoposa 4,000 yomwe inadulidwa n'kuikidwa pasikelo m'maiko otentha. Masamuwa amafuna zinthu zitatu: dayamita, kutalika, ndi kulimba kwa mtengowo. Mtengo wa dayamita ya masentimita 30, wotalika mamita 20, wolimba magalamu 0.6 pa kiyubiki sentimita, umatuluka pafupifupi makilogalamu 580 ukauma, osawerengera mizu. Ofuna kudziwa kaboni wosungidwa mu mtengomo amachulukitsa makilogalamuwo ndi 0.47, malinga ndi malangizo a 2006 a IPCC, bungwe la United Nations loona za kusintha kwa nyengo.

Koma apa mumvetsetse, chifukwa ambiri amasokoneza. Makilogalamu 580 aja si matabwa. Muli nthambi, makungwa ndi nsonga. Mtengo wokhota kapena wamphako ukhoza kulemera ndithu koma wocheka matabwa osapezapo kanthu. Ngati cholinga chanu ndi matabwa, yezani gawo lowongoka la thunthu lokha, ndipo mugogode kuti mumve ngati m'kati muli mphako. Zimenezi palibe setilaiti ingakuchitireni.

Nanga zithunzizo ntchito yake n'chiyani? Zimadzaza mipata yomwe simunapondemo. Mumafananiza zomwe mwayeza pa ploti iliyonse ndi momwe malowo akuonekera pachithunzi, kenako kompyuta n'kufalitsa ubalewo pa nkhalango yonse. Setilaiti ya Landsat inayamba kujambula mu 1972, kabokosi kamodzi ka chithunzi chake masiku ano kamaimira malo a mamita 30 mbali iliyonse, ndipo zithunzi zake n'zaulere kuyambira 2008. Sentinel-2, yomwe inakwera mu 2015, imafika pa mamita 10.

Vuto lake n'lakuti masamba akangotsekana pamwamba, chithunzi chimaleka kusiyanitsa. Nkhalango ya mitengo ing'onoing'ono yothinana ndi ya zimitengo zakalekale zimabiriwira mofanana, choncho mapu amachepetsa kulemera pomwe pali mitengo ikuluikulu. N'chifukwa chake anthu amawonjezapo radar, chida choyeza ndi mafunde a wailesi, monga ya ALOS PALSAR ya ku Japan, yomwe imadutsa mitambo n'kulowako m'nthambi, komanso makina a GEDI a NASA, bungwe la ku America la zam'mlengalenga. GEDI kuyambira kumapeto kwa 2018 ili pa International Space Station ndipo imayeza kutalika kwa mitengo ndi laser pa timadontho ta mamita 25. Mu 2025 bungwe la ESA, la ku Ulaya la zam'mlengalenga, linakwezanso setilaiti yotchedwa Biomass, yopangidwira ntchito yomweyi. Zonsezi zimadalirabe maploti kuti zitsimikizike.

Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa ndi GPS. Pansi pa mitengo imasokera ndi mamita angapo, ndiye ploti ikakhala yaing'ono mungaifananize ndi kabokosi ka pambali. Kulitsani maploti, ndipo dikirani pakati pake mpaka manambala akhazikike. Chithunzi chikhale cha nyengo yomwe munayeza, chifukwa mitengo yoyoyola masamba imaoneka ngati kulibe. Pomaliza, maploti ena muwasunge padera osawalowetsa m'masamu, kuti mudzayesere mapu anu ngati akunena zoona.

Tiuzeni kukula kwa nkhalangoyo, komanso ngati ndi yodzala kapena yachilengedwe. Yodzala ya mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi imafuna maploti ochepa kusiyana ndi yachilengedwe, ndiye tingakuthandizeni kuwerengera kuti muyeze angati.