Chifukwa chiyani katemera wa Ebola anatenga zaka 43 pamene wa COVID-19 sanathe chaka?

Bambo wina, mphunzitsi wa ku Karonga, wandilembera pa imelo kufunsa kuti ngati asayansi anapanga katemera wa COVID-19 chaka chisanathe, n'chifukwa chiyani wa Ebola anachedwa chonchi, ndipo n'chifukwa chiyani nthenda ya Marburg, yofanana ndi Ebola, imene inabuka m'chigawo cha Kagera ku Tanzania mu 2023 komanso mu 2025, ilibe katemera wovomerezeka. Iwo akuganiza kuti mwina tizilombo timeneti tikuwapambana nzeru akatswiri.

Bambo, nzeru sizinasowe ayi. Chimene chinasowa ndi wolipira, komanso mpata woyesera katemerayo pa anthu.

Ebola inadziwika mu 1976 pamene inabuka ku Yambuku, m'dziko la Congo, limene panthawiyo linkatchedwa Zaire, ndipo mwa anthu 318 amene anadwala, 280 anamwalira. Patapita zaka, akatswiri a pa labotale ya boma ku Winnipeg, m'dziko la Canada, anatenga kachilombo kotchedwa VSV, kamene kamadwalitsa ng'ombe, mahatchi ndi nkhumba koma sikavutitsa kwenikweni munthu, n'kukaveka chikopa cha kunja cha kachilombo ka Ebola, kuti thupi likakaona liphunzire kulimbana ndi Ebola popanda kudwala nthendayo. Pofika mu 2005 anali atasonyeza kuti katemerayu amateteza anyani. Kuchokera pamenepo ntchito inangoima kwa zaka pafupifupi khumi, chifukwa kuyesa katemera pa anthu ndi kumanga fakitale kumadya ndalama zochuluka zedi, ndipo makampani sanaone phindu pa nthenda imene inkagwira anthu mazana ochepa m'midzi yakutali ya mayiko osauka, kenako n'kuzimiririka.

Zinthu zinasintha ndi mliri umene unayamba ku Guinea kumapeto kwa 2013 n'kufalikira ku Liberia ndi Sierra Leone, kumene anthu oposa 28,000 anadwala ndipo oposa 11,000 anamwalira. Nthendayi itafika ku America ndi ku Spain, ndalama zinapezeka mwadzidzidzi, ndipo kampani ya Merck inatenga katemerayu mu Novembala 2014. Ineyo ndimaona kuti mfundo imeneyi siyenera kubisidwa: katemera amene akanatha kukonzedwa mliri usanafike anayembekezera mpaka mayiko olemera atachita mantha.

Vuto lachiwiri ndi limene ambiri salidziwa. Kuti mutsimikize kuti katemera amateteza, pafunika anthu amene ali pachiopsezo chenicheni chotenga nthendayo, ndipo Ebola imabwera mosapangana, n'kutha patapita miyezi ingapo. Ku Guinea mu 2015, ofufuza motsogozedwa ndi bungwe la WHO ndi boma la dzikolo anabwereka njira imene inagwira ntchito pothetsa nthomba. Munthu akapezeka ndi Ebola, ankafufuza onse amene anakhudzana naye, komanso amene anakhudzana ndi anthu amenewo, n'kuwabaya katemera, magulu ena nthawi yomweyo, ena patapita masiku 21. Mwa anthu 5,837 amene analandira katemerayu, palibe amene anadwala patadutsa masiku 10 chibayireni, pamene mwa amene sanalandire anadwala 23. Ngakhale zinali choncho, chilolezo chinadzatuluka kumapeto kwa 2019, pansi pa dzina lakuti Ervebo, katemerayu akugwiritsidwa kale ntchito pa mliri wa ku North Kivu ndi Ituri ku Congo, kumene anthu oposa 300,000 anabayidwa m'dera la nkhondo, uku katemerayo akufunika kusungidwa pozizira kuposa madigiri 60 pansi pa ziro.

COVID-19 inalibe mavuto awiriwa. Nthendayo inali ponseponse, moti kampani ya Pfizer inayesa katemera wake pa anthu oposa 40,000 ndipo zotsatira zinaoneka m'miyezi yochepa. Maboma olemera analipiriratu, mafakitale n'kuyamba kupanga chilolezo chisanatuluke. Komanso asayansi anali ataphunzira kale abale a kachilomboka, a SARS mu 2003 ndi a MERS kuyambira 2012, choncho chaka chimodzi chimene mukunenacho chinali ndi zaka zambiri kumbuyo kwake.

Nkhani ya mankhwala ochiza ndiyo imandikhudza kwambiri. Dokotala Jean-Jacques Muyembe wa ku Congo, amene anapita ku Yambuku mu 1976 ali wachinyamata, anakhulupirira kwa nthawi yaitali kuti magazi a anthu ochira ali ndi chitetezo chothandiza odwala ena. Kuchokera m'magazi a munthu amene anachira pa mliri wa ku Kikwit mu 1995, akatswiri anapatula asilikali a m'thupi amene anakhala mankhwala otchedwa mAb114. Pa kafukufuku amene anachitikira ku Congo mu 2018 ndi 2019, mankhwala anayi anayerekezedwa. Mwa odwala amene analandira mAb114 kapena REGN-EB3, anamwalira pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse, pamene mwa amene analandira ZMapp kapena remdesivir anamwalira pafupifupi theka, ndipo amene anafika msanga kuchipatala anapulumuka ochuluka kwambiri. Mankhwala awiri opambanawo anavomerezedwa ku America mu 2020.

Tsopano ku funso lanu la Marburg. Ervebo amateteza ku mtundu umodzi wokha wa Ebola, wa Zaire, ndipo sathandiza pa mtundu wa Sudan kapena pa Marburg, chifukwa zikopa za tizilomboti n'zosiyana. Akatemera oyesera alipo, koma akugwa m'vuto lomwe lija la kusowa mpata. Ku Uganda, mtundu wa Sudan utabuka ku Mubende mu Seputembala 2022, katemera woyesera anafika mu Disembala, odwala atsopano atasiya kale kupezeka, moti kafukufuku sanachitike. Kungakhale kulakwa kudandaula kuti mliri unatha msanga, komabe zotsatira zake n'zakuti dziko linatsala lopanda umboni.

Chimene chikusintha n'chakuti mabungwe monga la CEPI, lothandiza kupanga akatemera a miliri, limene linakhazikitsidwa mu 2017, akulipirira kuti akatemera ayesedwe kaye pa anthu athanzi, asungidwe m'mabotolo, ndipo mapepala a chilolezo cha kafukufuku asainidwe mliri usanabwere. Ku Rwanda, Marburg italengezedwa kumapeto kwa Seputembala 2024, katemera woyesera wa Sabin Vaccine Institute anayamba kuperekedwa kwa ogwira ntchito zachipatala pasanathe milungu iwiri, ndipo mliriwo unatha anthu 66 atadwala, 15 atamwalira. Ku Uganda, mtundu wa Sudan utabukanso pa 30 Januwale 2025, kafukufuku wa katemera anayamba pa 3 Febuluwale. Miliri yonse iwiri inali yaing'ono, choncho chiwerengero cha odwala sichinakwane kutsimikizira kuti akatemerawo amateteza, ndipo n'chifukwa chake, bambo, katemera wa Marburg akadali woyesera.