Pamapu, kumtunda si kumpoto

Mayi ena a pa Chitakale, ku Mulanje, afunsa kuti: "Gulu lathu likuika zizindikiro pamapu a pafoni zosonyeza pamene pali mijigo ndi zigayo. Nambala ziwiri zija, latichudi ndi lonjichudi, tizitche chiyani m'Chichewa? Mnzanga akuti yoyambayo ndi ya kumtunda ndi kumunsi. Akukhoza?"

Mayi, maina awiriwo asakuvutitseni. Tinabwereka kale mapu, foni ndi madigiri, ndiye awanso alembeni monga tikuwatchuliramu. Pofotokozera anthu nenani kuti latichudi ndi mizere yopingasa, yotiuza kutalika kwa malo kuchoka pa ikweta (mzere wogawa dziko lapansi pakati) kupita kumpoto kapena kum'mwera. Lonjichudi ndi mizere yotsika, yowerengedwa kuchokera pa mzere wodutsa ku Greenwich, mu London, umene maiko anagwirizana mu 1884 kuti ukhale poyambira.

Koma za mnzanuzo ndakana. Kumtunda ndi mawu a miyendo: amanena kumene munthu akukwera. Inu pa Chitakale mukati kumtunda, maso ali kuphiri. Wa ku Phalombe nayenso akati kumtunda akuloza phiri lomwelo, pamene kwa iye lili kum'mwera. Nanga pamapu mulemba za yani? Chichewa chili nawo kale mawu osasuntha: kumpoto, kum'mwera, kuvuma ndi kuzambwe, maina omwenso asodzi a kunyanja amatchulira mphepo zawo. Ambiri lero amangoti kum'mawa ndi kumadzulo, ndipo palibe cholakwika, ngakhale ineyo kuzambwe kumandikomera m'kamwa.

Kusiyanitsaku si kukongoletsa chilankhulo chabe. Boma la Mulanje lili cha pa madigiri 16 kum'mwera kwa ikweta ndi madigiri 35.5 kuvuma kwa Greenwich. Pa Google Maps mumayamba ndi latichudi, ndipo kum'mwera amakusonyeza ndi kachizindikiro kochotsera: -16.0, 35.5. Mukaiwala kamzereko, mjigo wanu ukapezeka ku Sudan. Mukasinthanitsa nambalazo, ukagwera m'nyanja ya Atlantic, kuzambwe kwa Morocco. Digiri imodzi ya latichudi ndi makilomita pafupifupi 111, choncho nambala za kumanja kwa kadontho musazidule. Ndi zimene zimasiyanitsa chigayo ndi nyumba ya eni ake.

Pali chinanso chimene simunafunse koma ndachiona m'kalata yanu, ndipo mwachikhoza. Munalemba "pamene pali mijigo", osati "kumene kuli mijigo". Ku- amaloza dera lonse: ku Mulanje, ku Thyolo. Pa- amalasa malo enieni: pa Chitakale, pa Limbuli, pa mlatho wa Likhubula. Mu- ndi wa m'kati: m'munda wa tiyi, mumsika. Chizindikiro cha pamapu chimaima pamalo amodzi, ndiye mawu ake akhale a pa-. Lembani "pa mjigo wa kuseri kwa msika". Mukalemba "cha kumsika", wakabaza azungulira mpaka dzuwa kulowa.

Chizindikirocho achinyamata akuchitcha pini, ndipo sindingawaletse. Koma mukamafotokozera agogo, yesani mawu oti chikhomo. Iwo anakhomapo zikhomo m'malire a munda, ndipo adzamva msanga kuti mukukhoma china pafoni.