Kodi zophunzirira ziyankhulo za eni nthaka zimapezeka kuti?

Mphunzitsi wina wa ku Mchinji wanditumizira imelo. Akuti anamva zoti bungwe la United Nations linapatula zaka za 2022 mpaka 2032 kuti zikhale za ziyankhulo za eni nthaka, ndiye akufunsa komwe angapeze mabuku ndi mawu ojambulidwa, kaya a ziyankhulo zakutali ngati cha Amaori, kaya a Chingoni cha makolo ake. Chomwe ali nacho ndi foni basi.

Aphunzitsi, yambirani pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Glottolog. Pamenepa simuphunzirapo kuyankhula ayi, koma mukalemba dzina la chiyankhulo akuonetsani komwe chimayankhulidwa, abale ake, ndi mabuku a galamala komanso otanthauzira mawu amene analembedwapo. Ndi paulere. Ethnologue, tsamba lina lotere, imatchuka kwambiri koma zambiri zake ndi zolipira.

Ziyankhulo zomwe eni ake anazimenyera nkhondo sizivuta. Amaori a ku New Zealand anayamba sukulu zamkaka zotchedwa kōhanga reo mu 1982, momwe agogo ankacheza ndi tiana m'chiyankhulo chawo chokhachokha, ndipo lero ali ndi mtanthauziramawu wa Te Aka pa intaneti. Ku Canada kuli FirstVoices: mukadina liwu, mumamva mwini chiyankhulo akulitchula. Duolingo, pulogalamu ya pa foni yophunzirira ziyankhulo, inaikapo chiyankhulo cha ku Hawaii ndi cha Anavajo a ku America mu 2018. Yesani, koma sikufikitsani patali.

Ziyankhulo padziko pano zilipo pafupifupi 7,000, ndipo zambiri zilibe zoterezi. Zomwe zilipo ndi nthano, nyimbo ndi macheza amene akatswiri anajambula n'kukasunga m'nkhokwe za pa intaneti: ku ELAR ya ku Berlin, ku PARADISEC ya ku Australia, ndi ku AILLA ya ku Texas yomwe imasunga za ku Latin America. Zina mukazipeza zokiyidwa, zofuna kupempha chilolezo. Musaone ngati akukumanani dala. Eni ake ndi amene anatero, monga momwe ifenso sitiulutsira zakudambwe kwa aliyense wodutsa. Poti bandulo ndi yodula, tsitsani mawu okha, makanema muwasiye. Mabuku a galamala aulere tengani pa tsamba la osindikiza mabuku a Language Science Press, muziwerenga data itazima.

Tsono za Chingoni, ndi pomwe mtima wanga wagona. Mmishonale W. A. Elmslie anasindikiza galamala ya Chingoni mu 1891. Kaifufuzeni pa Internet Archive, komwe kumasungidwa mabuku akale ambiri otere. Dziwani kuti iye analemba za Angoni a M'mbelwa, osati a Mpezeni akwanuko. Mabuku a Chizulu ndi ambirimbiri ndipo akuthandizani kumva kamangidwe ka mawu, koma musatenge Chizulu chalero n'kumati ndicho Chingoni. Anthu a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo pa ulendowo komanso atakhazikika anakwatirana ndi Ansenga, Achewa ndi Atumbuka, chiyankhulo n'kumasintha. Nyimbo zakale zomwe katswiri wa nyimbo Hugh Tracey anajambula kuno ku Malawi zili ku International Library of African Music, ku Rhodes University ya ku South Africa. A Centre for Language Studies ku Zomba nawonso alembereni.

Komabe chuma chenicheni muli nacho pafupi, kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni komweko. Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ingoma ndi m'mawu otamanda mafumu, ndipo ambiri oyimba samvanso tanthauzo lake. Pezani gogo amene akumvabe. Pitani ndi ulemu, fotokozani cholinga, pemphani chilolezo musanatsegule foni. Akayimba mzere umodzi, afunseni tanthauzo, abwerezenso pang'onopang'ono, inu mukulemba m'kope tsiku, mudzi ndi mfunda wawo. M'mwezi wa February wolokani pa Mwami mukaone mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni m'dziko la Zambia, mukamve momwe a tsidya linalo amayimbira nyimbo zomwezo. Zomwe mwajambulazo musasunge m'foni imodzi yokha. Tumizirankoni adzukulu a gogoyo, zina muike pa memori khadi.